Goloboyi wa Mabwana

Kampani yomwe amuna anga ankagwirako ntchito itatsekedwa, iwo anakwatira foni, ine n'kutsala mkazi wachiwiri. M'mawa ndikamavundukula makina anga osokera pakhonde, ndinkawasiya ali kale patebulo, magalasi pamphuno, akutumiza makalata ofunsira ntchito kumakampani omwe sanapondeko phazi. Mayankho akati abwere, ankabwera ofanana ngati mapasa: tathokoza, tasunga dzina lanu. Komwe amakawasunga mayina amenewa sindikudziwa mpaka lero, koma kuyenera kuti n'kodzadza.

Munthu ameneyu ntchito amaidziwa, zimenezo ndiye musandifunse. Zaka zonse zomwe ndakhala naye anali kapitawo wa nyumba yosungiramo katundu. Ankalandira malole, n'kuona kuti katoni iliyonse yakhala pamalo pake, madzulo n'kutseka yekha ndi makiyi. Ngakhale kukhitchini kwanga, zitini zakale amaziika kutsogolo, zatsopano kumbuyo, ndipo ndikasokoneza amazikonzanso mwakachetechete poganiza kuti sindikuona. Vuto lawo ndi pakamwa. Amuna anga mukhoza kuwaponda phazi m'basi ulendo wonse, potsika iwo ndi amene angakupepeseni.

Eni nyumba anatipirira, sindingawanamizire. Koma kupirira nako kumatha. Anatiuza mwaulemu kuti chaka chikatha zinthu zili chomwecho, tidzawapatse makiyi awo. Kopita kunali kumodzi kokha, kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya achimwene anga, momwe ankasungiramo matayala akale ndi filiji yakufa. Ndikakaganiza kachipinda kameneko, ulusi unkandidukira pa makina.

Achimwene angawo amagulitsa inshuwalansi, ndipo munthu wogulitsa inshuwalansi sakhala chete ngakhale pamaliro. Tsiku lina anabwera, anaima pakhomo akuzunguza makiyi a galimoto pachala, n'kuwayang'ana amuna anga mmene dokotala amayang'anira wodwala amene wachedwa kubwera kuchipatala.

"Alamu, foni yanuyo ili ndi maso?"

"Ayi, alamu."

"Nanga mukuganiza kuti ikuonani ndani? Kompyuta siilemba munthu ntchito. Munthu amalembedwa ndi munthu mnzake, amene anamuonapo nkhope, anamumvapo kuseka. Tulukani m'nyumba muno. Loweruka ndikudzakutengani."

Apa pokha ananena zoona, ndipo ngakhale lero, ndi mkwiyo wanga wonsewu, ndimawavomereza. Akanathera pomwepo bwenzi ndikuwatcha mpulumutsi.

Komwe ankawatengera kunali ku mpira wa madoda. Loweruka lililonse m'mawa, pabwalo la sukulu ina ya sekondale, ankakumana amuna a mimba zawo, ena eni makampani, ena mamanejala, ena madokotala, n'kumathamangitsa mpira womwe sunkafuna n'komwe kuwathawa. Achimwene anati pabwalo limenelo pamalembedwa anthu ambiri kuposa m'maofesi onse kuphatikiza.

"Koma lamulo ndi limodzi, alamu," anatero atatsitsa mawu. "Kumeneko sitipempha ntchito. Mabwana aja sabata yonse amakhala akuzemba anthu a maenivelopu pageti. Ku mpira amabwera kudzapuma. Mukangonunkha njala, akuthawani. Akudziweni kaye, akukondeni, ntchito idzabwera yokha ikukwawa."

"Nanga akandifunsa kuti ndimatani?"

"Zimenezo mundisiyire ine."

Loweruka loyamba ndinapita nawo. Akazi a mabwana ankakhala pansi pa mtengo, pamipando yopinda, pafupi ndi bokosi la zakumwa zozizira, ndipo ine ndinakhala kumapeto kwenikweni, miyendo nditabisa pansi pa mpando chifukwa cha nsapato zanga. Ndinaona achimwene atawagwira amuna anga paphewa n'kumawayendetsa kwa bwana uyu ndi uyo.

"Alamu anga awa. Ali ndi zochita zawo, amaoda katundu kunja."

Amuna anga anayang'ana pansi n'kumwetulira. Mabwana aja anaona ngati ndi kudzichepetsa kwa munthu wa ndalama, ndipo anawakonda pomwepo.

Anawaika pagolo, poti palibe doda limene linkafuna kugwa m'fumbi. Kuyambira tsiku limenelo dzina lawo linakhala a Goloboyi, ine n'kukhala mayi a Goloboyi. Ndipo ankagwira, ndisaname. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuwakha makatoni ogwa pamwamba pa lole, mpira wa madoda sungamuvute. Koma panali mpira umodzi womwe achimwene anawaletsa kuugwira. Panali bwana wina wamfupi, wadazi, mwini kampani yogulitsa zipangizo zomangira nyumba, amene ankamenya penate iliyonse, ngakhale wogwetsedwayo akhale wina. Anzake ankamutcha Bwana Penate. Kampani yake inali ndi nyumba yosungiramo katundu yaikulu, ndipo achimwene anati nsomba yathu ndi imeneyo. Choncho Bwana Penate akaika mpira pansi, amuna anga ankadikira aone komwe ukupita, kenako n'kudziponya mbali inayo ndi mtima wawo wonse. Madzulo ndinkawathowa chiuno ndi madzi otentha.

Miyezi inapita. Ndinawasokera zovala za masewera zoti aliyense aziona ngati zogula kusitolo yaikulu. Achimwene anawabwereka nsapato ndi wotchi. Mpira ukatha madoda ankagulirana zakumwa mosinthana, ndipo ikafika nthawi ya amuna anga, ine ndinkadziwa kuti sabata imeneyo ndisoka mayunifolomu a ana a eni mpaka msana kuuma. Bodza nalo linkakula ngati mwana wodya bwino. Achimwene ankangowonjezera, lero akuti alamu katundu wawo wachedwa panjira, sabata ina akuti alamu akuganiza zogula lole yachiwiri. Ine ndinali ndisanaione yoyambayo.

"Achimwene, muwauza liti abwana aja?" ndinafunsa tsiku lina.

"Mlongo wanga, kuona maso a nkhono n'kudekha. Iwe zisoka, izi ndi za amuna."

Pagulu limenelo panali munthu mmodzi wosiyana ndi onse. Palibe ankadziwa kuti anamubweretsa ndani. Anali wamtali, woonda, nsapato yake imodzi yomanga ndi waya, ndipo aliyense amene wamupatsa moni ankamuyankha chimodzimodzi: "Ndili bwino, bwana, kungoti ndilibe ntchito. Mukamva kalikonse mundikumbukire." Ankanena zimenezi kwa mamanejala, kwa oimbira mpira, ngakhale kwa ife akazi pansi pa mtengo. Posakhalitsa dzina lake linasanduka a Ndilibe. Madoda ankamuseka poyera, ena akamuona akubwera ankanamizira kuyankha foni. Iye sizinkamukhudza, ankaseka nawo n'kutola mipira yogwera kuseri kwa mpanda.

"Mwamuona uyo, alamu?" ankatero achimwene. "Musadzafike pamenepo. Munthu wadzivula yekha pagulu."

Nanenso ndinkamuseka. Koma amuna anga ankamumvera chisoni, ndipo nthawi yopuma ankakhala naye pabenchi n'kumagawana botolo la madzi. A Ndilibe anagwirapo ntchito yonyamula katundu pakampani ina, ndiye awiriwo akayamba nkhani za makatoni sankafuna kusiya. Ndinkawaona amuna anga akujambula pansi ndi kamtengo, kumuonetsa mmene amaikira katundu wolemera pafupi ndi khomo, mmene amalandirira lole dalaivala asanakusokoneze ndi nthabwala, mmene amadziwira matumba omwe alowa chinyezi osawatsegula. Nkhope yawo inkawala nthawi imeneyo. Sabata yonse panalibe wina amene ankawafunsa za ntchito yawo.

Chaka chili pafupi kutha, tsiku lomwe tinkalidikira linafika. Mpira unali utatha, madoda atakhala mozungulira bokosi la zakumwa, thukuta lili kamukamu. Ine ndinali pomwepo, ndikupinda majezi, poti nawo anali atasanduka ntchito yanga yaulere. Bwana Penate anapukuta dazi lake ndi thaulo n'kuusa moyo.

"Anzanga, ndili pamavuto. Kapitawo wanga wa kunyumba ya katundu wandisiya, akuti wapeza kwabwino. Ndikufuna munthu msanga. Sindikufuna za manyuzipepala, mudziwa mmene zimakhalira, makalata amadzadza thumba koma munthu mulibemo." Kenako anatembenukira kwa amuna anga. "A Goloboyi, inu muli mu za katundu zomwezi. Simukudziwako wina wokhulupirika?"

Jezi inandigwa m'manja. Amuna anga anatsegula pakamwa, ndipo ndikukhulupirira mpaka lero kuti akanalankhula, chifukwa anali ataika botolo pansi. Koma dzanja la achimwene linali litafika kale pabondo pawo.

"Bwana, zimenezo zatha kale," anatero achimwene akuseka. "Alamu anga amadziwa anthu onse a ntchito imeneyi. Tipatseni masiku ochepa, tikubweretserani munthu woti simudzadandaula."

"Mundithandize ndithu," anatero Bwana Penate, n'kudzuka kupita kugalimoto yake.

A Ndilibe anadzukanso, osamaliza n'komwe chakumwa chomwe wina anamugulira. Anamutsatira bwanayo mpaka kugalimoto, anamunyamulira chikwama, n'kuima pawindo akulankhula, manja ali m'mwamba ndi pansi. Galimoto itayamba kuyenda iye ankayendabe nayo limodzi. Madoda anaseka mpaka ena kutsamwa.

Pobwerera, m'galimoto ya achimwene, ine sindinathe kudzigwira.

"Achimwene, munthu wafunsa yekha ndi pakamwa pake. Mumafunanso chiyani, mngelo atsike?"

"Iwe, pagulu paja? Pamaso pa anthu onse aja, alamu aimike dzanja ngati mwana wa sukulu, ati ine bwana? Atagula lole yachiwiri? Zinthu izi zili ndi kachitidwe kake. Lachisanu ndiwatengera alamu kuofesi kwake, tikamwa tiyi, ndikamuuza kuti bizinesi yawatopetsa, akufuna malo oti akhazikike. Akawalandira ngati munthu wamkulu, ndipo malipiro ake akakhala a munthu wamkulu."

"Lachisanu n'kutali."

"Kuthamanga si kufika, mlongo wanga."

Ndinayang'ana amuna anga kuti anenepo kanthu. Iwo ankayang'ana magolovesi awo pamiyendo.

Lamulungu linadutsa, Lolemba, Lachiwiri. Ndinasoka kolala ya malaya a kasitomala chozondoka, n'kuisomola, n'kuisokanso chozondoka. Lachitatu m'mawa ndinati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavala diresi yanga ya kutchalitchi, ndinawauza amuna anga kuti ndikukagula ulusi, n'kukwera basi yopita kumafakitale.

Mlonda wa pageti atamva kuti ndine mayi a Goloboyi ananditsegulira msanga, zikuoneka kuti mbiri ya amuna anga inali itafika mpaka kumeneko. Njira ya kuofesi inkadutsa pakhomo pa nyumba ya katundu. Zitseko zake zachitsulo zinali zotsegula, mkati muli mizere ya matumba a simenti, malata, mapaipi, zidebe za penti, ndi fungo lija la fumbi ndi makatoni lomwe amuna anga ankabwera nalo kunyumba zaka zonse zija. Lole ina inali itaima chambuyo, anyamata akutsitsa katundu. Amene ankawalamula anali munthu wamtali atavala ovolosi yatsopano, mizere ya mmene anaipindira kusitolo isanathe n'komwe, mulu wa makiyi ukulendewera palamba. Atatembenuka, ndinaona kuti ndi a Ndilibe.

"Mayi a Goloboyi," anatero akubwera mothamanga, n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. "Mwabwera kudzandiona? Ndayamba dzulo. Lolemba ndinafika pageti apa mlonda asanasinthane ndi mnzake, ndinati bwana andipeze pomwepa. Anandiyendetsa m'nyumba monsemu n'kumandifunsa, ichi ungachiike pati, ichi bwanji. Zonse zomwe ndinayankha ndi za amuna anu. Munthu uja ndi wa Mulungu, mayi. Mukawauze kuti ndidzabwera kudzathokoza."

Ndinafuna kumuda munthu ameneyu, ndinayesetsa ndithu, koma panalibe pogwira. Sanabe kanthu. Ndinamuuza kuti zikomo, Mulungu amutsogolere, ndipo mawuwo anandiwawa pakhosi ngati mankhwala a malungo.

Ndikanabwerera pomwepo. Koma miyendo inali itanditengera kale pamasitepe, ndipo mumtima ndinkati kampani yaikulu chonchi singasowe kangodya kena koikapo munthu mmodzi.

Bwana Penate muofesi anali munthu wina, wa tayi, atakhala kuseri kwa tebulo lalikulu, fani ikuzungulira pamwamba. Anandilandira bwino, anaitanitsa tiyi, n'kufunsa ngati chiuno cha a Goloboyi chapola.

"Bwana, sindinabwerere tiyi," ndinatero. "Amuna anga alibe ntchito. Alibe lole, alibe bizinesi, sanaodepo katundu kulikonse. Anali kapitawo wa nyumba ngati yanuyi mpaka kampani yawo itatsekedwa. Chaka chino chikatha tikutuluka m'nyumba."

Anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Mayi, mukunena a Goloboyi omwewa?"

"Omwewo."

"Loweruka ndinafunsa pamaso pawo. Ndinawatchula dzina."

"Ndinalipo, bwana."

"Ndipo Lolemba masana ndinawaimbira foni. Ndinati pali munthu uja wa ku mpira, wandiumirira, mwakhala mukucheza naye, mukumuona bwanji? Anati ndi munthu wabwino, wolimbikira, ntchito aigwira. Ndamulemba chifukwa cha mawu awo." Anapukusa mutu. "Mukudziwa kuti munthu woyamba amene ndinamuganizira ndi iwo? Ndinamuuza mkazi wanga kuti ndikanapeza munthu wodekha ngati a Goloboyi, bwenzi ndikugona tulo. Koma ndinati munthu wa malole ake, ndikamutchulira ukapitawo, ndiye kuti ndamutukwana."

Za foni ya Lolembayo ndinali ndisanazimve. Koma ndinalimba mtima.

"Zachitika, bwana. Uja musamuchotse, nayenso ali ndi ana. Koma palibe malo ena alionse? Ngakhale wothandizira, ngakhale wowerenga matumba pakhomo. Amuna anga sasankha."

Apa bwanayo anayamba kusuntha kapu yake ya tiyi pambale, uku ndi uku.

"Malo a wachiwiri alipo, mwezi wamawa. Sindikubisirani. Koma mayi, ndiloleni ndilankhule ngati mchimwene wanu."

"Achimwene ndili nawo kale, bwana, andikwana."

Sanaseke. "Ntchito ya m'nyumba iyo si mphamvu, si nzeru. Ndi makiyi. Ine ndimapita kunyumba kukagona, chuma changa chonse chili m'thumba la munthu wina. Uja wa waya kunsapato, tsiku loyamba kumuona anandiuza chomwe ali. Amuna anu ndakhala nawo pafupifupi chaka, ndamwa zakumwa zawo, ndawafunsapo kuti katundu wafika, iwo n'kumati ali panjira. Mawa ndikadzawafunsa kuti simenti yakwana, akadzati yakwana, ndidzagona?"

"Sananene ndi iwo za malolezo. Ndi achimwene anga."

"Anakanapo?"

Tiyi ndinamusiya osamukhudza, ndipo potuluka ndinazungulira kuseri kwa malole kuti a Ndilibe asandionenso.

Kunyumba ndinapeza amuna anga akusita malaya oyera, aja a ukwati wa mng'ono wanga, kukonzekera Lachisanu. Ankasita mosamala, kolala kaye, kenako manja. Anandiyang'ana m'manja n'kuona kuti ulusi mulibe.

"Ndinapita kwa Bwana Penate," ndinatero. "Ntchito ija apatsa a Ndilibe. Ayamba dzulo."

Simbi inaima pamalaya. Anaichotsa msanga isanawaotche.

"Lolemba anakuimbirani foni, bambo. Bwanji simunandiuze?"

"Anangofunsa za munthu uja."

"Ndiye inu munati chiyani?"

"Ndikanati ndi woipa? Si woipa."

"Mukanati ine ndilipo. Mawu awiri okha, bambo. Panalibe gulu, panalibe achimwene, munali inu ndi foni yanu yomwe mumaikonda ija."

"Ndinaganiza kuti akungofunsa, sangalembe munthu tisanapite. Alamu anati Lachisanu." Kenako anafunsa motsitsa, "Mwawauza zonse?"

"Zonse."

"Za malole?"

"Zonse, bambo."

Anazula chingwe cha simbi kukhoma, anachikulunga bwinobwino monga amachitira nthawi zonse, n'kukhala pampando. Ndinkafuna akalipe, andinene kuti ndawachititsa manyazi, kuti nanenso ndipeze pokalipira. Koma anangoti, "Ndinkatopa nalo bodza lija, mayi." Ndinalowa kuchipinda n'kukalira, ndipo sindikudziwa ngati ndinkalirira ntchitoyo kapena munthuyo.

Achimwene anamva tsiku lomwelo, poti nkhani za pakati pa madoda zimathamanga kuposa eni ake. Anabwera akutukutira.

"Waononga, mlongo wanga. Nsomba inali itadya kale nyambo. Ukanadikira Lachisanu, ndikanamuuza achotse uja wa waya, aikepo alamu. Tsopano ine nkhope ndiiika pati? Anthu aja ndi makasitomala anga."

"Nkhope yanu muiike pomwe mwaika yathu," ndinatero.

Sanandilankhule sabata ziwiri. Ku mpira amuna anga sanapitekonso, ndipo pa madoda onse omwe anamwa zakumwa za msana wanga, palibe ndi mmodzi yemwe amene anaimba foni kufunsa. A Ndilibe okha ndi amene anabwera, tsiku lina Lamulungu masana, atanyamula paketi ya shuga. Anali atamva. Anakhala pakhonde akupotokola chipewa, nati akanadziwa sakanathamangira galimoto ija. Amuna anga anamuuza kuti asadandaule, kenako n'kuyamba kumufunsa ngati denga la nyumba ya katunduyo silidontha, poti mvula inali pafupi, ndipo simenti siifuna kugona pansi popanda matabwa. Ine ndinalowa m'nyumba, sindikanatha kumvetsera.

Chaka chinatha, ndipo eni nyumba tinawapatsa makiyi awo. Achimwene, poti magazi ndi magazi, anatumiza lole yaing'ono n'kutulutsa matayala m'kachipinda kaja. Filiji yakufa inatsala momwemo, akuti ilibe kopita. Amuna anga analongedza okha katundu wathu yense, katoni iliyonse italembedwa pambali, ndipo palibe kapu ngakhale imodzi yomwe inasweka panjira. Tsiku losamukalo anavala zovala za masewera zija, chifukwa pa zovala zawo zonse ndi zokhazo zomwe zinali zisanathe m'mawondo.

Tikutsitsa katundu, bambo wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira pampanda, munthu wonenepa wa nkhope yaulemu, payipi yothirira maluwa ili m'manja. Achimwene anamuthamangira.

"Aneba, awa ndi alamu anga ndi mlongo wanga. Akhala nafe pang'ono. Akumanga nyumba yawo, ndiye mukudziwa amisiri mmene amachedwetsera."

Ndinatula katoni pansi kuti ndiyankhe, koma amuna anga ananditsogolera. Anayenda mpaka pampanda, anaima mowongoka, manja ali m'mbali.

"Bambo, sitikumanga. Ine ndilibe ntchito. Ndinali kapitawo wa nyumba yosungiramo katundu. Mukamva kalikonse, mundikumbukire."

Achimwene anaphulika kuseka n'kuwamenya pamsana.

"Ndinaiwala kukuchenjezani, aneba. Alamu angawa ndi anthabwala."

Bambo uja anayang'ana zovala zomwe ndinasoka ndi manja anga, zija zooneka ngati za kusitolo yaikulu, anayang'ana wotchi yomwe achimwene anali asanaitenge, nayenso n'kuyamba kuseka.

"Ndaona kale kuti ticheza bwino," anatero. "Nyumbayo ikatha mudzatiitane." Ndipo anabwerera kumaluwa ake.

Amuna anga anaimabe pampandapo pang'ono, ngati munthu amene akudikira kuti afunsidwe funso lina. Palibe anawafunsa. Anatembenuka, anasenza matiresi pamutu, n'kuwerama kuti alowe pakhomo la kachipinda kaja.